Moto wa ku Amazon ndi Zimene Timamva pa Nkhani: Mafunso ndi Mayankho

Ogasiti akafika muno mu Harare, mphepo imayamba kuulutsa fumbi, madambo amapsa, ndipo madzulo ukayang'ana cha ku Cleveland Dam uli ku Mabvuku umaona utsi uli tolotolo. Nthawi yomweyo m'mafoni mwathu mumabweranso zithunzi za nkhalango ya Amazon ya ku Brazil ikuyaka. Mkangano wake ndaumva pabwalo la tchalitchi tikaweruka, ndaumva pa maliro amuna atazungulira moto usiku, ndaumvanso m'kombi yopita ku Mbare. Ena amati dziko latha. Ena amati ndi bodza la azungu lofuna kutseka maso mayiko osauka. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera, ndipo ambiri ndinafunsidwa ndi akuluakulu oti ndi makolo anga, choncho ndayesetsa kuyankha mwaulemu koma osabisa pamene ndaima.

Kodi zithunzi za moto zimene zinafala mu 2019 zinali zoona?

Zambiri mwa zotchuka kwambiri zinali zakale kapena za kwina. Pa 22 Ogasiti 2019, pulezidenti wa France, Emmanuel Macron, analemba pa Twitter kuti nyumba yathu ikupsa, n'kuikapo chithunzi cha nkhalango ikuyaka. Chithunzicho anajambula ndi Loren McIntyre, amene anamwalira mu 2003. Cristiano Ronaldo anatumiza chithunzi cha moto wa mu 2013 wa ku Rio Grande do Sul, kummwera kwenikweni kwa Brazil kufupi ndi Uruguay, kutali zedi ndi Amazon. Panalinso cha mu 1989 chimene oimba ndi ochita mafilimu ankapatsirana ngati chajambulidwa dzulo.

Amene amati ananamizidwa ndi zithunzi akunena zoona. Koma chithunzi chakale chimangosonyeza kuti wotumizayo sanafufuze. Za moto wa chaka chimenecho tiyenera kufunsa amene ankawerenga motowo.

Nanga zoti Amazon ndi mapapo a dziko, ndipo imatipatsa 20 peresenti ya okosijeni?

Apa ndiye pamene atolankhani ndi atsogoleri anaphonya kwambiri, ndipo mawu amenewa akumvekabe m'makalasi ndi pa maulaliki. Nambala ya 20 iyenera kuti inasokonekera ndi ina: mu mpweya umene timapuma, magawo pafupifupi 21 pa 100 ndi okosijeni. Akatswiri atawerengera anapeza kuti zomera za ku Amazon zimatulutsa pakati pa 6 ndi 9 peresenti ya okosijeni yense amene zomera za pamtunda ndi za m'nyanja zimatulutsa pa chaka. Pafupifupi theka la okosijeni wa chaka chilichonse limachokera ku tizomera ting'onoting'ono ta m'nyanja zamchere.

Ngakhale 6 mpaka 9 ameneyo sitiye timamupuma. Mitengo nayo imapuma, usana ndi usiku, ndipo masamba ndi nthambi zikagwa, tizilombo towoletsa timagwiritsa ntchito wotsalayo. Zili ngati banja lolima chimanga chokwana nkhokwe yawo yokha: alima ndithu, koma ku msika sikufika thumba. Okosijeni amene ali mumlengalenga anaunjikana kwa zaka mamiliyoni ambirimbiri, ndipo ndi wochuluka moti asayansi amawerengera kuti ngakhale zomera zonse za padziko zitapsa tsiku limodzi, amene angathe sangafike 1 peresenti. Agogo amene munkada nkhawa kuti adzukulu adzabanika, pa mbali imeneyi mtima ukhale m'malo.

Ndiye nkhani yonseyo inali yongopeka?

Ayi. Bungwe la boma la Brazil lofufuza za mumlengalenga, la INPE, linawerenga moto woposa 72,000 m'dziko lonselo kuyambira Januwale mpaka cha pa 20 Ogasiti 2019, kuposa wa nthawi yomweyo mu 2018 ndi 80 peresenti n'kupitirira pang'ono. Pafupifupi theka la motowo unali mu Amazon. Pa 19 Ogasiti mzinda wa São Paulo unachita mdima cha m'ma 3 koloko masana, mitambo yamvula itasakanikirana ndi utsi wochokera kutali makilomita masauzande.

Chimene chimandikhutiritsa kwambiri ineyo ndi nkhani ya Ricardo Galvão, amene anali mkulu wa INPE. Bungwe lake litanena kuti kudula mitengo kwakwera, pulezidenti Jair Bolsonaro anati ziwerengerozo ndi zabodza. Galvão anakana kubweza mawu ndipo anachotsedwa ntchito kumayambiriro kwa Ogasiti. Kuwerenga kwa chaka chonse kutatuluka, kunapezeka kuti nkhalango yoposa masikweya kilomita 10,000 inagwetsedwa, pamene chaka cham'mbuyo inali pafupifupi 7,500. Munthuyo ankanena zoona, ndipo anataya ntchito chifukwa cha zoonazo.

Amati moto wa 2019 unali woposa zaka zonse. Zinali choncho?

Sizinali choncho. Ogasiti wa 2019 anali woipa kuposa Ogasiti aliyense kuchokera mu 2010, koma zaka ngati 2004, 2005 ndi 2007 zinali ndi moto wochuluka kuposa pamenepo. Mitu ina ya nkhani inkati "sizinachitikepo" chifukwa inkayerekeza ndi zaka za kuyambira 2013 zokha.

Otsutsa amakonda kuimira pomwepa, koma nkhani yake imapitirira. Mu 2004 Brazil inagwetsa nkhalango pafupifupi masikweya kilomita 27,800 m'chaka chimodzi, malo otsala pang'ono kufanana ndi Nyanja ya Malawi yonse. Boma litakhwimitsa malamulo, kulanda makina a odula mitengo ndi kuwamana ngongole za ulimi, chiwerengerocho chinatsika kufika pafupifupi 4,600 mu 2012. Anthu anachita mantha mu 2019 chifukwa ankaona ntchito ya zaka zonsezo ikubwerera m'mbuyo, ndipo inabwereradi: mu 2021 panagwa masikweya kilomita oposa 13,000.

Akamati moto 72,000, amawerenga bwanji?

Palibe amene amayenda m'nkhalango ndi kope. Masetilaiti amene amazungulira dziko ali ndi makina omva kutentha. Makina a MODIS, amene ali pa masetilaiti otchedwa Terra ndi Aqua a NASA, bungwe la America lofufuza za mumlengalenga, amagawa nthaka m'timabokosi ta pafupifupi kilomita imodzi mbali iliyonse, ndipo a VIIRS amafika pa mamita 375. Akamva kutentha koposa kwa malo ozungulira, amaika kadontho kofiira.

Kadonthoko sikanena kuti papsa chiyani. Kakhoza kukhala mapesi a m'munda, udzu wa m'dambo, kapena mulu wa mitengo ikuluikulu ya zaka 300 imene yagwetsedwa n'kuumitsidwa. Moto umodzi waukulu ukhoza kubala madontho ambiri, ndipo moto woyenda pansi pa mitengo yowirira kapena pansi pa mitambo ukhoza osaoneka n'komwe. Komanso pa mapu a dziko lonse madonthowo amawakulitsa kuti aoneke, n'chifukwa chake Angola ndi Zambia zimaoneka ngati zapsa zonse popanda potsala.

Tinamva kuti ku Africa kuno kumapsa kwambiri kuposa ku Brazil. Bwanji dziko silitilirira ife?

Funso ili limafunsidwa ndi mtima wopweteka, ndipo ndimaumvetsa. Atsogoleri a G7, gulu la mayiko asanu ndi awiri olemera, atakumana ku Biarritz, ku France, mu Ogasiti 2019 analonjeza madola pafupifupi 20 miliyoni ozimitsira moto wa ku Amazon, ndipo masiku omwewo kunatuluka nkhani yoti m'masiku awiri okha Angola inali ndi moto 6,902, Democratic Republic of Congo 3,395, pamene Brazil inali ndi 2,127. NASA nayo imanena kuti pafupifupi 70 peresenti ya malo amene amapsa padziko lonse ali mu Africa. Manambalawa ndi oona.

Koma tayang'anani pamene madonthowo amakhala mu Ogasiti. Amayala lamba kuchokera ku Angola, kudutsa kummwera kwa Congo, Zambia, Malawi, Tanzania mpaka Mozambique. Limeneli ndi tchire lathu lomwe lino la mitengo ya mombo ndi tsamba, yofanana ndi imene anzathu kuno amaitcha musasa ndi munondo. Nkhalango yowirira ya m'chigwa cha Congo ili kumpoto kwa lamba ameneyu, ndipo pa mapu omwewo mbali yake yaikulu imaoneka yopanda madontho. Mu Januwale lambalo limasamukira kumpoto, ku Central African Republic ndi South Sudan, chifukwa kumeneko ndi kumene kumakhala chilimwe. Wonena kuti nkhalango ya Congo ikupsa kuposa Amazon wawerenga mapu molakwika.

Pali nambala inanso imene otsutsa amaigwira: malo opsa padziko lonse anachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa anayi pakati pa 1998 ndi 2015. Ndi zoona, koma kuchepako kunachitika makamaka m'tchire la udzu limene anthu alisandutsa minda. Sikunena chilichonse chabwino za nkhalango zamvula.

Pamene ndimagwirizana ndi odandaulawo ndi apa: nkhalango ya Congo ndi yachiwiri kukula padziko lonse, ndipo pansi pa madambo ake a Cuvette Centrale, amene kukula kwake kunadziwika bwino mu 2017, pali matani pafupifupi 30 biliyoni a kaboni, amene akapita mumlengalenga amawonjezera kutentha kwa dziko. Imatchulidwa mwa apo ndi apo poyerekeza ndi Amazon, ndipo ikutha pang'onopang'ono ndi nkhwangwa, makala, minda ndi misewu ya odula matabwa. Kudandaula kumeneko n'koyenera, ndipo kumaima bwino pakokha popanda kukokomeza za moto.

Kwathu tchire limapsa chaka ndi chaka n'kuphukanso. Amazon ingalephere bwanji?

Ili ndi funso limene amalume ena anandifunsa pa maliro ku Mufakose, ndipo ndimaona kuti mkangano wonse wagona pamenepa. Ife tinakulira pa lupsa. Amene tinapitako kumudzi ku Dedza kapena ku Chipata tili ana tikukumbukira anyamata akutentha tchire kuti akumbe mbewa, ndipo patapita milungu yochepa msipu wanthete unkatuluka pa phulusa lomwelo. Muno mu Harare, pitani ku Mukuvisi Woodlands kumapeto kwa Ogasiti mukaone misasa itavala masamba ofiira mvula isanagwe ndi dontho lomwe. Diso limene linazolowera zimenezi likamva za moto silichita mantha msanga, ndipo ndi diso lomwelo limene limatisocheretsa tikamaweruza za Amazon.

Mitengo ya kwathu inakula ndi moto kwa zaka zosawerengeka. Makungwa ake ndi okhuthala, chakudya imasunga m'mizu yakuya, ndipo ikapserera pamwamba imaphukira pachitsa. Chimene chimayaka ndi udzu, ndipo moto wa udzu umathamanga n'kudutsa. Kaboni amene wapita ndi utsi chaka chino, udzu wa dzinja likubwerali umamubweza wambiri.

Nkhalango yamvula ndi ina. Pansi pake pamakhala mdima ndi chinyontho, udzu palibe, ndipo mwachibadwa moto sulowamo kawirikawiri. Pachifukwa chimenechi mitengo yake yambiri ili ndi makungwa opyapyala. Moto ukalowa kuchokera m'munda wa pafupi, suoneka woopsa: malawi ofika m'mawondo, oyenda pang'onopang'ono m'masamba ouma. Koma umakhalitsa patsinde n'kuphika mtengo. Pakatha miyezi kapena zaka ziwiri zitatu mitengo ikuluikulu imauma n'kugwa, denga la masamba limabooka, dzuwa limalowa, nkhuni zimaunjikana pansi. Moto wachiwiri ukabwera umapeza zonse zakonzeka, ndipo umalusa kuposa woyamba. Paja amati moto umapita kumene kwatsala tchire, koma kumeneko umabwerera pamene unadutsa kale.

Wofuna kuona kusiyana kumeneku safunika ndege. Ku Mount Selinda, m'boma la Chipinge, kuli nkhalango ya Chirinda kumene kuli mtengo waukulu wa mbawa wotchuka uja. Mukalowamo masana mumamva kuzizira ndi fungo la masamba owola. Mitengo ya mtundu umenewo ikapsa, mwana wobadwa lero adzakalamba asanaione itabwerera mwakale.

Amayatsa ndani?

Anthu, pafupifupi nthawi zonse. Dongosolo lake ndi lodziwika: amagwetsa mitengo, nthawi zina ndi unyolo waukulu wokokedwa ndi mathirakitala awiri, amaisiya iume miyezi ingapo, kenako amayatsa chilimwe chikafika pachimake. Malo oposa magawo atatu mwa anayi a nkhalango yogwetsedwa amasanduka msipu wa ng'ombe, ndipo nthawi zambiri ng'ombezo ndi njira yolanda malo a boma kuti mawa adzawagulitse. Cha ku Novo Progresso, m'chigawo cha Pará, nyuzipepala ya m'deralo inalemba kuti alimi ena apangana kuyatsa tsiku limodzi, 10 Ogasiti 2019, ndipo masetilaiti anaonadi moto utachuluka m'deralo masiku amenewo.

Bolsonaro ananena kuti mwina mabungwe oteteza chilengedwe ndi amene akuyatsa, ndipo pambuyo pake analoza chala Leonardo DiCaprio kuti amapereka ndalama zoyatsira motowo. Umboni sanapereke. Alimi ang'onoang'ono ndi eni nthaka a m'nkhalangomo amatenthanso minda, monga momwe makolo athu ankachitira poswa mphanje, koma zithunzi za masetilaiti zimasonyeza kuti madera a eni nthakawo ndi amene nkhalango yake yasungika bwino koposa.

Ngati kudula mitengo kunachepa pansi pa Lula, bwanji mu 2024 kunapsa kwambiri?

Apa mbali zonse ziwiri zinasowa chonena. Luiz Inácio Lula da Silva atabwerera pampando wa pulezidenti wa Brazil mu Januwale 2023, ndi Marina Silva ngati nduna ya zachilengedwe, kugwetsa nkhalango kunatsika kufika pafupifupi masikweya kilomita 6,300 mu 2024. Koma chaka chomwecho INPE inawerenga madontho a moto oposa 140,000 mu Amazon, ochuluka kuposa chaka chilichonse kuchokera mu 2007, kuposanso 2019 amene dziko lonse linafuula.

Chifukwa chake ndi chilala. El Niño yemwe anaumitsa chimanga chathu kuno mu 2024, mpaka Zimbabwe, Zambia ndi Malawi kulengeza za tsoka la njala, anaumitsanso Amazon mothandizana ndi kutentha kwa nyanja ya Atlantic. Mtsinje wa Rio Negro pa doko la Manaus unaphwa kuposa kale lonse mu Okutobala 2023, n'kuphwanso kuposa pamenepo mu Okutobala 2024. Nkhalango ikauma choncho, moto wa m'munda umene zaka zina ukanazima pamalire umalowa mkati. Ofufuza a ku University of Maryland anapeza kuti mu 2024 dziko linataya mahekitala 6.7 miliyoni a nkhalango zakale za m'madera otentha, ndipo pafupifupi theka linatha ndi moto. Zimandipweteka kuti chaka chimenecho nkhaniyi inamveka pang'ono poyerekeza ndi 2019.

Kodi ndi Brazil yokha?

Ayi. Brazil ili ndi pafupifupi 60 peresenti ya Amazon, yotsalayo ili ku Peru, Colombia, Bolivia, Ecuador, Venezuela, Guyana, Suriname ndi French Guiana. Mu 2019 Bolivia inapsa mahekitala oposa 5 miliyoni, makamaka m'nkhalango youma ya Chiquitania, boma la Evo Morales litangofewetsa malamulo otenthera minda, koma dzina lake silinamveke ngati la Bolsonaro. Ku Indonesia mu 2015 kunapsa mahekitala 2.6 miliyoni, ndipo m'madambo oumitsidwa moto unkanyeka pansi pa nthaka kwa milungu yambiri.

Ngati si okosijeni, tikutaya chiyani?

Kaboni ndi mvula. M'mitengo ndi m'nthaka ya Amazon mwasungika kaboni wokwana matani pakati pa 150 ndi 200 biliyoni, ndipo akapita mumlengalenga amawonjezera kutentha kwa dziko lonse, kuphatikizapo kuno. Luciana Gatti wa ku INPE ndi anzake, atayeza mpweya ndi ndege zing'onozing'ono kwa zaka zingapo, analengeza mu 2021 kuti chigawo cha kummwera chakummawa kwa Amazon chayamba kutulutsa kaboni wochuluka kuposa amene chimayamwa.

Nkhalangoyi imadzipangiranso mvula. Mitengo imakoka madzi pansi n'kuwatulutsa m'masamba, ndipo mphepo imanyamula chinyonthocho kukagwetsa mvula kummwera kwa Brazil, Paraguay ndi Argentina. Mu 2018 Carlos Nobre ndi Thomas Lovejoy anachenjeza kuti pakagwa 20 mpaka 25 peresenti ya nkhalangoyi, mbali zina zikhoza kuuma osabwereranso. Pagwa kale pafupifupi 17 peresenti. Asayansi amatsutsanabe za pamene malirewo ali ndendende, ndipo wolemba nkhani woona mtima ayenera kunena kuti ndi chenjezo, asalisandutse tsiku loikika.

Ndiye moto wathu wa kuno ulibe vuto?

Musandimve choncho, abale anga. Tchire lathu limapirira moto, koma osati moto uliwonse. Ku Ndola, m'dziko la Zambia, akatswiri a nkhalango anayamba kuyesa zimenezi mu 1933: malo ena ankawatentha kumayambiriro kwa chilimwe udzu usanaumitsitse, ena kumapeto, ena osatentha konse. Patapita zaka, malo otenthedwa mochedwa chaka ndi chaka anali atatha mitengo ikuluikulu ya mombo, pamene otenthedwa msanga anali nayobe. Akale ankadziwa zimenezi. Moto wa Okutobala, wa mphepo ndi udzu wouma gwaa, ndi umene umapha.

Umaphanso anthu. Mu Okutobala 2022 amuna 10 anafa ku Esigodini akuzimitsa moto wa m'tchire. Ku phiri la Mulanje, moto ndi macheka zatsala pang'ono kumaliza mkungudza, mtengo wa fuko la Malawi. Kuno ku Zimbabwe, bungwe la boma loona za chilengedwe la Environmental Management Agency limaletsa kuyatsa tchire m'miyezi ya chilimwe ndipo limalamula eni minda kulambula njira yotchinga moto yosachepera mamita 9 m'lifupi. Amene muli ndi kamunda m'dambo la ku Tafara kapena ku Dzivarasekwa, mapesi aja kwirirani m'mizere kuti awole, chifukwa mphepo ya Seputembala siidziwa malire a munda wanu.

Ndikalandira chithunzi kapena nkhani ya moto pa WhatsApp, ndichite chiyani ndisanatumize kwa ena?

Yang'anani kaye ngati yatchula tsiku ndi malo enieni. Chithunzi chongolembedwa kuti Amazon ikupsa, chopanda dzina la dera kapena la wojambula, chisungeni. Google Lens imatha kukusonyezani kumene chinaonekera koyamba, ndipo mwana aliyense wa kusekondale m'nyumbamo akhoza kukuthandizani pa mphindi ziwiri. Nkhani ikati moto wachuluka, funsani kuti poyerekeza ndi chaka chiti, chifukwa 2018 inali ndi moto wochepa ndipo chilichonse choyerekezedwa nayo chimaoneka chachikulu. Funsaninso ngati nambalayo ndi ya madontho a setilaiti kapena ya mahekitala opsa, komanso ngati papsa udzu, munda, kapena nkhalango yoimirira.

Amene muli ndi data yokwanira, NASA ili ndi mapu aulere otchedwa FIRMS osonyeza moto wa maola 24 apitawa, ndipo INPE imaika ziwerengero zake poyera tsiku ndi tsiku. Yambani ndi kukulitsa mapuwo pa Harare penipeni tsiku limene mwaona utsi ku dambo la kwanu. Mudzaona kadontho kofiira pamalo amene mukuwadziwa ndi mapazi anu, ndipo mukatero pitani ku Pará kapena ku Rondônia, mukulitsenso chimodzimodzi, muone ngati pansi pa kadonthoko pali msipu wa ng'ombe kapena mitengo.